Chinkhoswe cha pa Foni ku Nsungwi

Nthawi ili cha m'ma sikisi m'mawa, koma Rozina wapeta kale theka la thumba. Ku Mgona munthu sadzutsidwa ndi tambala, amadzutsidwa ndi malole a mtedza ochokera ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndipo wochedwa amapeza milu yonse ili ndi eni ake. Rozina wakhala pa saka, miyendo watambasula, pakamwa wamanga kansalu chifukwa cha fumbi. Akapeta amasankha: wofota uko, wovunda uko, wabwino m'thumba la bwana. Zala zimayenda zokha, sizidikira kuuzidwa. Maso ake ndi amene ali kwina, pa njira yochokera ku Nsungwi, chifukwa mlamu wake Annette wati abwera ndi tiyi kuti apitire limodzi kutauni. Annette akangotuluka m'nyumba yekha, mtima wa Rozina sukhala m'malo.

Rozina anabadwira kufupi ndi Mponela koma anakulira mu Area 25, bambo ake akunyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Mayi ake anamwalira iye ali Sitandade 6. Sukulu inathera pomwepo, chifukwa panalibe wina woti abereke mlongo wake wamng'ono, Anock, amene pa nthawiyo anali asanayambe n'kuyenda komwe. Bambo nawo sanachedwe kutsatira. Anock anakula akunena kuti "achemwali" pagulu, koma akadwala malungo ankaiwala n'kumaitana kuti "amayi". Rozina anakwatiwa, anabereka ana atatu, kenako mwamuna anapita ku geni ku Tete osabwereranso. Za iyeyo salankhula, ndipo pa mzere wa nyumba za lendi zimene amakhala palibe amene amamufunsa.

Anock atakula anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri. Anayamba ndi kutsuka mbale mu lesitilanti ina ku Kepitawuni, kenako anamuika pootcha nyama. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Annette, mtsikana wa ku Kongo woluka tsitsi. Anakwatirana m'tchalitchi china cha alendo okhaokha, anzawo awiri n'kuimira umboni, kumudzi n'kungotumiza chithunzi pa foni. Rozina anasangalala moti anaonetsa chithunzicho aliyense, ndi kondakitala wa minibasi yemwe. Chimene iye ndi Anock onse anaiwala n'chakuti ali ndi amalume, a Chisankho, ndipo a Chisankhowo nkhaniyi anaimvera kwa anthu apadera.

Patapita nthawi, kudera kumene Anock ankakhala kunabuka chipwirikiti chothamangitsa alendo, ndipo kachisakasa kamene Annette ankalukiramo tsitsi kanapsa. Anock anaimbira Rozina foni.

"Achemwali, ndikukutumizirani mlamu wanu ndi mwana. Kwawo kuli nkhondo, kuno kuli moto, kwatsala kwathu kokha. Ine nditsale kaye, bwana wanena kuti wochoka asabwerenso. Mundisungire, ndipo muyambe kumuyendera za mapepala. Ndikufuna akhale Mmalawi, ndikadzabwera tidzakhale pamodzi popanda wotifunsa."

Annette anatsika basi ali ndi chikwama chimodzi ndi kamwana kakakazi kumbuyo. Rozina atafunsa dzina la mwanayo, anamva kuti ndi Elube, dzina la malemu mayi awo. Anamulandira mwanayo m'manja, ndipo kuyambira tsiku limenelo panalibenso za mlendo m'nyumba mwake.

Koma kunja za mlendo zinalipo. Annette Chichewa anachigwira msanga, lilime lokha ndi limene linkamuulula. Akati "madzi" pampopi, amayi ankayang'anana, wina n'kunong'ona kuti, "M'Burundi uja." Ku Nsungwi aliyense wolankhula Chiswahili ndi m'Burundi, kaya ndi wa ku Kongo kaya wa kuti. Rozina ankakumbukira bwino chaka chimene anthu othawa kwawo ankatengedwa m'matauni kupita nawo ku Dzaleka. Bwana amene ankamusankhira mtedza pa nthawiyo, yemwenso anali wothawa kwawo, anakwezedwa lole iye akuona, masikelo n'kutsala ali pamtetete. Annette sanali wothawa wa ku Dzaleka, anali ndi pasipoti yake, koma chidindo chimene ankamupatsa chinali cha mlendo, cha kanthawi kochepa, ndipo chikamayandikira kutha m'nyumba munkachepa nkhani. Chimene Rozina ankafuna chinali chimodzi basi: pasadzapezeke munthu wouza mayi a Elube kuti longedzani.

M'mawa umenewo Annette anafika bwinobwino ndi tiyi wake m'botolo. Rozina anasiyira mnzake mulu uja, anasasa fumbi, n'kukwera minibasi ya kutauni. Ku imigireshoni anapeza mayi wina wodekha amene anawafotokozera zonse popanda kukalipa. Anati unzika si wa lero kapena mawa, pali zoyamba kuchita kuti Annette azikhala monga mkazi wa nzika, ndipo zinazo zidzabwera akakhalitsa m'dziko muno. Anayang'ana setifiketi ya kutchalitchi cha ku Kepitawuni ija, n'kuitembenuza.

"Mwamunayo ali kuti?"

"Ali ku Joni, amayi."

"Ndiye zingakuthandizeni mutabwera ndi munthu wamkulu wa kuchimuna, woti akalumbire kuti banjali akulidziwa. Alipo?"

"Alipo amalume athu," anatero Rozina, mtima uli mbee. Ankaona ngati zatha.

A Chisankho amakhala mu Area 25 momwemo, kuseri kwa chigayo. Anali mlonda ku Kanengo, pano anapuma, amaweta nkhunda ndipo ndi mkulu wa mpingo. Si munthu waukali. Ndi munthu wanthabwala moti ngakhale pamaliro anthu amalimbirana kukhala pafupi nawo. Anawalandira ndi manja awiri, anatulutsa mipando, n'kumunyamula Elube kumusonyeza nkhunda.

"Amalume, tabwera ndi mpongozi wanu," anayamba Rozina.

"Mpongozi wanga? Kudzera kwa yani?"

"Kwa Anock."

"Ha! Anock anakwatira? Ine ndinangomva kwa amayi a chigwirizano kuti pali chithunzi chikuyenda m'mafoni. Ndinayesa ndi sewero la pa kanema."

Rozina anaseka nawo, kenako anafotokoza za kuofesi. A Chisankho anamvetsera mpaka kumapeto, akusewera ndi zala za mwana. Atayankha, nthabwala inali itachoka.

"Iwe Rozina, ukufuna ndikagwire Baibulo ndinene kuti ukwati uwu ndikuudziwa? Ndinadya nkhuku yake iti? Nkhoswe mnzanga ndani? Mawa awiriwa akayambana, ndikagogoda pakhomo pa yani?"

"Amalume, kumeneko akungofuna dzina lanu basi."

"Dzinalo ndi limene ndatsala nalo, mayi. Mwanayu ndamukonda, mayi akewa ndilibe nawo chifukwa. Koma chimene sindinaone sindingachilumbirire."

Pobwerera anayenda mpaka pa msika. Rozina ankatafuna mawu amene sakanatha kuwanena kwa amalume ake. Annette ndi amene anayamba.

"Alamu, nkhoswe ndi ndani?"

"Ndi munthu wa kwanu, woimira iwe. Amakumana ndi wa kwathu, amasinthana nkhuku, ndiye kuti ukwati wadziwika. Mukayambana, ndi amene amakukhazikani pansi."

"Ine amalume anga wina anafa. Wina sindidziwa kumene ali."

Rozina anangomulanda mwana n'kubereka yekha.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli Che Mwamadi, bambo wa ku Machinga amene amakhoma mbaula ndi zidebe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ana awo aakazi onse tsitsi amawaluka ndi Annette. Tsiku lotsatira Rozina ankadandaulira mkazi wawo, a Saida, pachingwe choyanikira zovala, osadziwa kuti nyundo yasiya kulira.

"Mayi Rozina," anaitana Che Mwamadi ali pampando wawo, "nkhoswe mukumufuna wa magazi kapena wa ntchito?"

"Nanga alipo wa mitundu iwiri?"

"Ine ndinafika m'tauni muno ndilibe ndi galu yemwe wondidziwa. Nkhoswe wa ukwati wanga anali telala wa ku Nkhotakota, tinangodziwana ku mzikiti. Mpaka lero Saida akandikwiyira amathamangira komweko. Mtsikanayu ngati alibe wake, ndine wake. Koma ndineneretu, nkhuku zonse ndizinga ndine, kuti nanenso ndidye nawo."

Rozina anakhala pansi pomwepo, pa ndowa yovundikira, n'kuombera m'manja.

Chotsala chinali Anock. Rozina anamuimbira n'kumuuza mosapsatira kuti ayambe wapepesa kwa amalume ake, ndipo asachite zotumiza mawu, aimbe. Anock anaimba. Zimene anakambirana palibe akuzidziwa, koma a Chisankho anabwera okha ku Nsungwi, anakhala pa benchi ya Che Mwamadi mpaka anagulako mbaula imene sankaifuna. Potsanzika anati chinkhoswe chichitike, koma chonse, osadumpha kanthu, ndi mwambo woloza mkazi womwe.

"Amalume, mwamunatu ali m'foni," anatero Rozina.

"Akhale m'foni, akhale mu wailesi, bola ndimuone ndi maso angawa akuloza mkazi wake."

Anasankha Loweruka masana, nthawi imene Anock amapumako asanayambe kuotcha nyama ya madzulo. Pabwalo anayala mikeka, ife aneba tinabwereketsa mipando, a Saida ndi amayi a pamzere anaphika mpunga. Che Mwamadi anazinga tambala wa kuchimuna ndi thadzi la kuchikazi, anavala mkanjo woyera ndi kofiya, n'kukhala mbali ya kuchikazi ngati munthu amene anabereka yekha mtsikanayo. Mpando wa mwamuna anaukoleka jekete la a Chisankho, foni n'kuitsamiritsa pa chitini cha shuga. M'menemo munkaoneka nkhope ya Anock, kumbuyo kwake mapoto akuluakulu ndi anthu akudutsadutsa.

"Taonani mkamwini wopanda miyendo!" anafuula mayi wina, anthu n'kuseka.

"Ameneyu ndiye wabwino, sadya zambiri," anayankha Che Mwamadi.

Ankhoswe atadziwana mwamwambo, nthungululu zinalira, ndipo m'nyumba munatuluka amayi atatu atafunda zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuyenda pang'onopang'ono mogwirana. Mwambo wake ndi wakuti mwamuna aloze wake pakati pa ofundawo. Nthawi zambiri zimakhala zoseketsa chabe, chifukwa mwamuna amakhala pafupi, amaona msinkhu, amaona kayendedwe, mwinanso wina amamutsina khutu. Koma palibe amene anaganiza zomutsina khutu munthu wa m'foni. Rozina ananyamula foni ija n'kuiyendetsa kutsogolo kwa amayiwo. Netiweki ya ku Nsungwi masana a Loweruka imadziwika. Nkhope ya Anock inkauma, kenako n'kuyenda, kenako n'kuumanso pakamwa pali yasa.

"Achemwali, sindikuona bwino, zikudukaduka."

"Loza, anthu akudikira."

Kumbuyo kwake kunamveka munthu akumuitana mwaukali m'Chingerezi. Anock anacheuka, anabwerera, n'kunena mofulumira.

"Wapakatiyo."

Anavundukula wapakatiyo. Anali mayi wina wa pamzere womwewo, wa ana asanu, thupi lake lokwana ma Annette awiri. Kuseka kunaphulika mpaka ana anagubuduka pa mikeka. Mayiyo anagwira m'chiuno n'kuvina pang'ono.

"Ndatola wa ku Joni ine! Uzani bambo a kwathu asandidikire!"

Rozina yekha sanaseke. Anayang'ana amalume ake. A Chisankho nkhope inali itatsekeka, dzanja likufufuza chipewa pansi pa mpando. Nkhuku zazingidwa, anthu asonkhana, chidindo cha Annette chatsala pang'ono kutha, ndipo munthu yekhayo woti akalumbire akuvala chipewa.

Pamenepo chitenje cha kumapeto chinauluka. Annette, amene chifikireni ku Nsungwi anali asanakwezepo mawu ngakhale kwa nkhuku, anatsomphola foni m'manja mwa mlamu wake.

"Iwe Anock! Ine ndi amayi awa tikufanana pati? Tandiuza, pati? Mapazi angawa suwadziwa? Mapazi amene unkawathowa ndi madzi otentha ndili ndi pakati pa Elube?"

"Pepani mayi a Elube, ndi netiweki..."

"Netiweki ndi iweyo! Utsi wa nyama wakuthera maso! Ine kuno ndikamva lole ikuima pamsewu ndimabisala kubafa ndi mwana wako. Pampopi ndimatunga ngati wosalankhula. Alamu akuyenda ndi fumbi m'maofesi chifukwa cha ine, ndiye iwe uli uko ukuloza akazi a eni!"

Chichewa chitamuthera analowa Chiswahili, Chiswahili chitatha analowa chinenero china chimene pabwalopo panalibe wochimva, koma aliyense anamva chimene chinkanenedwa. Misozi inali chuchuchu, chala chili pa galasi la foni ngati alibowola. Anock m'katimo ankangoti "pepa, pepa", mutu ataweramitsa ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mu shuga.

Rozina anafuna kumugwira pakamwa. Kulalatira mwamuna pamaso pa amalume ake, tsiku la chinkhoswe! Koma atacheuka anapeza a Chisankho abweza chipewa pansi. Mapewa awo ankagwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kupukuta maso ndi mpango.

"Che Mwamadi, mwamva zimenezo?"

"Ndamva, achimwene. Zina ndamva ndi za Chiswahili zomwe, koma sindingazibwereze pali ana."

"Mlendo salalata chonchi. Chibwenzi sichilalata chonchi, chimaopa kusiyidwa. Uyu ndi mkazi wa m'nyumba, ndipo uyo woweramayo ndi mwamuna wake. Ndaona ndekha." Anadzuka n'kukonza malaya. "Ndiye mnzanga, ntchito yatipeza tisanadye n'komwe nkhuku. Tiyeni nawoni kuseri."

Anapita kuseri kwa nyumba anthu anayi: a Chisankho, Che Mwamadi, Annette, ndi Anock ali m'dzanja la amalume ake. Rozina anatsala pakona akunamizira kutsuka mbale. Anamva Che Mwamadi akuimira mwana wawo watsopanoyo mwamphamvu, kuti munthu sungasiye mkazi kudziko lachilendo n'kumaimba foni kamodzikamodzi ngati ukuimbira landilodi. Anamva a Chisankho akuvomera kuti mwana wawo walakwa, kenako n'kumuuza Annette mofatsa kuti ulendo wina akakwiya asayambire pagulu, ayambire kwa nkhoswe wake, ndi chifukwa chake alipo. Mlandu unatha chonchi: Anock atumize chitenje chatsopano kwa mkazi wake, china kwa mayi amene anamuloza molakwa uja chifukwa chomuyambanitsa ndi bambo a kunyumba kwake, ndipo Lamulungu lililonse aziimbira mkazi wake ndi amalume ake omwe.

Atabwerera pabwalo anasinthana nkhuku. A Chisankho anang'amba ntchafu ya thadzi n'kuidya pang'onopang'ono, aliyense akuona. Annette anapatsidwa lichero, mthiko ndi tsache. Khasu ndi nkhwangwa za mwamuna anaziika pampando paja pambali pa foni, koma Anock anali atabwerera kale ku nyama yake, pagalasi patangotsala mdima.

Sabata yotsatira a Chisankho anavala jekete lija n'kupita okha kukalumbira. Che Mwamadi anawatsatira ngakhale panalibe amene anawaitana, ati nkhoswe sayenda mmodzi. Mapepala anawalandira. Unzika weniweniwo sunabwere, ndipo Rozina akudziwa kuti pali zaka zoti adikire, mwinanso maulendo ena ambiri a kutauni. Amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma Annette pano amalukira tsitsi pakhonde, poonekera, ndipo makasitomala amachokera mpaka ku Mgona. Pampopi dzina lakuti m'Burundi linatha lokha. Ena amati mayi a Elube, ena amati mwana wa Che Mwamadi, ndipo amayi akafuna kuopseza amuna awo amati, "Ndikuitanira Annette akulankhule." Anock wapeza kapuloti cha ku Dzenza, a Chisankho ndi amene amakayang'anira njerwa.

Ine ndimakhala khomo loyandikana ndi la Rozina, ndipo poti ndili ndi khanda ndimakhala pakhomo tsiku lonse. Tsiku lina Rozina akuchokera ku Mgona, fumbi la mtedza lili mbuu m'nsidze, anaima pakhomo panga asanalowe n'kwake komwe.

"Mayi a mwana, ndamva kuti nthawi zina kumabwera munthu kudzafunsa aneba ngati banjalo ndi loona. Kaya n'zoona kaya n'zonama, koma ife a m'tauni ndimatidziwa. Tikaona mlendo wa nsapato zopolisha akufunsa dzina la munthu, timati sitikumudziwa, ngakhale tikudyera mbale imodzi. Chonde, akabwera ine kulibe, usadzanene kuti sukutidziwa. Udzamupatse mpando, udzaitane Che Mwamadi kuseriko, ndipo udzamuuze zonse zimene unaona tsiku lija. Ndi zolalata zomwe, usadzasiyeko."